Funsani mmene anasiyanirana ndi amene anachoka

Munthu amene wachotsedwa ntchito amalowa m'chipinda cha intaviyu atagonja kale mumtima, ndipo dongosolo lonse la kalembedwe ka ntchito limamulimbikitsa kukhala wotero. Iye ndi amene amatumiza CV, iye ndi amene amadikira kuitanidwa, ndipo iye ndi amene amakhala yekha mbali ina ya tebulo anthu atatu kapena anayi akumuyang'anitsitsa, zolembera zili m'manja. Mafunso onse amachokera mbali imodzi mpaka kumapeto, pamene wina amati, "Kodi muli ndi funso lililonse?" Ambiri a ife pa nthawi imeneyo timangofunsa tsiku limene tidzamve zotsatira, n'kuthokoza, n'kutuluka. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti mphindi zimenezo, pamodzi ndi masiku ochepa a pakati pa kuitanidwa ndi kusaina kontirakiti, ndi zofunika kwambiri pa moyo wa munthu wofuna ntchito, ndiponso kuti munthu amene wangochotsedwa kumene ndi amene ali ndi maso otha kuona zimene ena sangazione, malinga ngati mantha sanamuphimbe.

Ine ndinachotsedwa pamodzi ndi anzanga ambiri pamene kampani imene ndinkagwirako inaganiza zochepetsa antchito. Palibe amene ananena kuti ndalakwa. Ndalama zinachepa, akuluakulu anakhala pansi, mayina analembedwa. Chigamulocho ndinachimvetsa, chifukwa bizinesi iliyonse itha kulowa pansi. Chimene chinandipweteka ndi njira imene anatsata. M'mawa wa tsikulo ndinayatsa kompyuta n'kulemba pasiwedi yanga, koma inakana. Ndinaimbira mnyamata woyang'anira makompyuta, amene tinkacheza naye tsiku ndi tsiku, ndipo anayankha ndi mawu otsika kuti, "Pepani akulu, andiuza kuti muyambe mwapita ku ofesi yoona za antchito." Iye anadziwa za ine ndisanadziwe, ndipo anamusenzetsa uthenga umene sunali wake kuti anene. Bwana amene ndinagwira naye ntchito nthawi yonseyo sanaonekere. Kalata ndinailandira kwa munthu amene sankadziwa n'komwe zimene ndinkachita pakampanipo.

Katswiri wa ku America wofufuza za kayendetsedwe ka mabungwe, Denise Rousseau, analemba mozama mu 1989 za mgwirizano wosalembedwa umene umakhala m'maganizo mwa wogwira ntchito, pambali pa kontirakiti imene anasaina. Wantchito amakhulupirira kuti akadzipereka, akagwira mpaka usiku pamene zinthu zavuta, akasunga chinsinsi cha kampani, nayonso kampani idzamuchitira mwaulemu ndi mwachilungamo. Kuchotsedwa mopanda ulemu kumaphwanya mgwirizano umenewu, ndipo n'chifukwa chake bala lake limachedwa kupola ngakhale ndalama zonse zoyenera zitalipiridwa. Koma kumatsegulanso maso. Munthu amazindikira kuti zimene kampani imanena za iyo yokha pamene malonda akuyenda bwino sizitiuza zambiri, ndipo amayamba kufunafuna umboni wa mtundu wina.

Vuto ndi lakuti kuzindikira kumeneku kumabwera limodzi ndi mantha, ndipo mantha ake ali ndi maziko. Mu 1993, akatswiri a zachuma atatu, Louis Jacobson, Robert LaLonde ndi Daniel Sullivan, anafalitsa kafukufuku wa anthu a ku Pennsylvania amene anagwira nthawi yaitali pakampani imodzi kenako n'kuchotsedwa pagulu. Anapeza kuti ngakhale patapita zaka zingapo, malipiro a anthu amenewa pa chaka anali otsika ndi pafupifupi 25 peresenti poyerekeza ndi amene akanalandira akanapanda kuchotsedwa. Choncho munthu amene mtima uli m'mwamba, amene akuona ndalama zimene anasunga zikuchepa mwezi ndi mwezi, sakulakwa akamafuna kugwira ntchito iliyonse imene yapezeka. Komabe ndaona anzanga amene tinachotsedwa nawo akulowa mofulumira m'malo amene anawafinya mpaka kusiya okha pasanathe chaka, n'kubwerera kofunafuna ntchito ali otopa kuposa poyamba, CV yawo ili ndi mpata wina wofunika kuulongosola. Ntchito yachiwiri yoipa imapweteka kwambiri chifukwa imamufikira munthu ali wofooka kale, ndipo imamuchititsa kuyamba kukhulupirira kuti vuto ndi iyeyo.

Pa zonse zimene munthu angafufuze zokhudza olemba ntchito, chimodzi chimaposa zina zonse: mmene anachitira ndi anthu amene sankawafunanso. Pamene kampani ikufuna kukulembani, imakhala ndi chifukwa chokusangalatsani. Pamene ikuchotsa munthu, sikhala ndi phindu lililonse limene ikuyembekezera kwa iye, ndipo zimene imachita pa nthawiyo zimachokera mu khalidwe lenileni la atsogoleri ake. Apa ndiyenera kunena momveka kuti kuchotsa anthu pakokha si umboni wakuti kampani ndi yoipa. Mu Novembala 2022, kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, inalengeza kuti ichotsa anthu pafupifupi 11,000. Mu Januwale 2023, Google inalengeza za anthu 12,000, Microsoft 10,000, ndipo Amazon inafika pa 18,000 isanaonjezere ena 9,000 mu Malichi chaka chomwecho. Amenewa ndi makampani olemera kwambiri padziko lapansi. Munthu amene angatsimikize kuti adzagwira ntchito kokha kumene sanachotseko anthu adzasowa kolowera. Chofunika kudziwa ndi mmene anachotsera.

Zitsanzo zake n'zodziwika ndipo zinalembedwa m'nyuzi zambiri. Mu Disembala 2021, mkulu wa kampani ya ku America yobwereketsa ndalama zogulira nyumba ya Better.com, Vishal Garg, anaitanira antchito pafupifupi 900 ku msonkhano wa pa Zoom n'kuwauza mu mphindi zochepa kuti aliyense amene ali pa msonkhanowo ntchito yake yatha. Pambuyo pake anapepesa chifukwa cha njira imene anatsata. Pa 17 Malichi 2022, kampani ya sitima zapamadzi ya P&O Ferries ku Britain inachotsa antchito pafupifupi 800 powaonetsa vidiyo yojambulidwa kale, popanda chidziwitso, n'kuika m'malo mwawo antchito olipidwa ndalama zochepa. Mkulu wake, Peter Hebblethwaite, anavomereza pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo kuti kampaniyo inasankha dala kusakambirana ndi mabungwe oimira antchito, ngakhale kuti lamulo linkafuna kuti itero. M'zochitika ziwirizi, atsogoleri anasankha njira yowapeputsira iwo eni ntchito yovuta, ululu wonse n'kuukankhira kwa anthu amene analibe pothawira.

Koma ziliponso zitsanzo za mtundu wina, ndipo ndimazikumbukira chifukwa zimasonyeza kuti nkhanza si chinthu chimene mavuto a zachuma amakakamiza. Mu Meyi 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo, Airbnb, kampani yothandiza apaulendo kupeza malo ogona kudzera pa intaneti, inachotsa anthu pafupifupi 1,900, amene anali kotala la antchito ake onse. Mkulu wake, Brian Chesky, analemba kalata yolongosola chifukwa chake, mmene anasankhira mayina, ndi zimene aliyense adzalandire. Amene anali ku United States anapatsidwa malipiro a masabata 14, kuonjezerapo sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene anagwira, analoledwa kusunga malaputopu awo, ndipo kampaniyo inaika ena mwa antchito ake olemba anthu kuti athandize ochotsedwawo kupeza ntchito kwina. Chitsanzo cha Nokia chimandikhudza koposa chifukwa chimasonyeza kampani ikuphunzira. Mu 2008 inatseka fakitale yake ku Bochum ku Germany mwa njira imene inakwiyitsa antchito, andale ndi ogula, mpaka anthu anachita zionetsero. Mu 2011, itafunikanso kuchotsa anthu ambiri, inakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Bridge, imene inkathandiza munthu kupeza ntchito ina mkati mwa kampani kapena kunja, kupita kukaphunzira luso lina, kapena kulandira ndalama zoyambira bizinesi yake. Ntchito zinathabe, ndipo ululu wa kutaya ntchito unalipo, koma anthuwo anachitiridwa ngati anthu.

Pali muyezo umene munthu angayezere zinthu zimenezi ngakhale asali katswiri wa malamulo. Pangano nambala 158 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la mu 1982, limanena kuti munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, kuti apatsidwe chidziwitso pa nthawi yokwanira kapena malipiro olowa m'malo mwa chidziwitsocho, kuti alandire ndalama kapena thandizo lina pochotsedwa, ndiponso kuti olemba ntchito amene akufuna kuchotsa anthu chifukwa cha mavuto a zachuma akambirane kaye ndi oimira antchito za njira zopewera kapena zochepetsera kuchotsako. Si mayiko onse amene anavomereza panganoli, ndipo malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma mfundo zakezo zimapereka mafunso abwino. Pa intaviyu munthu angathe kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi kampani ino inayamba yachepetsapo antchito? Ngati inatero, anthu anadziwitsidwa bwanji, ndipo anawauza ndani?" Funso limeneli silichititsa manyazi munthu amene alibe chobisa. Mtsogoleri amene anadutsa m'zimenezi moona mtima amayankha mwatsatanetsatane, nthawi zina nkhope itagwa, ndipo amatha kunena zimene akanakonda kuchita mwa njira ina. Amene amazemba, kapena amene amafulumira kunyoza ochotsedwawo kuti anali aulesi, wakuuzani kale mmene adzalankhulire za inu tsiku limene mudzachoke.

Mawu olembedwa pakhoma ndi pa tsamba la kampani la pa intaneti sindiwawerengera kwenikweni. Kampani ya ku America ya Enron, yogulitsa magetsi ndi gasi, inkalengeza kuti mfundo zake zinayi ndi ulemu, kukhulupirika, kulankhulana momasuka ndi kuchita bwino koposa, koma mu Disembala 2001 inagwa chifukwa cha chinyengo cha m'mabuku a ndalama, antchito masauzande n'kutaya ntchito, ambiri a iwo n'kutayanso ndalama zimene ankasungira ukalamba wawo chifukwa zinali m'masheya a kampani yomweyo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Edgar Schein, amene anaphunzitsa kwa zaka zambiri ku yunivesite ya MIT ku America, anagawa chikhalidwe cha bungwe m'magawo atatu: zimene zimaoneka ndi maso, monga maofesi ndi kavalidwe, zimene bungwe limanena kuti limakhulupirira, ndi zimene anthu ake amazitenga kuti ndi mmene zinthu zilili, zimene sazitchula n'komwe. Gawo lachitatuli ndi limene limalamulira moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo silipezeka m'kabuku kolandirira antchito atsopano. Limaonekera mwa amene amakwezedwa, amene amadzudzulidwa, ndi amene amalekereredwa ngakhale akuzunza anzawo chifukwa choti amabweretsa ndalama.

N'chifukwa chake ndimafunsa za mmene munthu amayezedwera kuti wagwira bwino ntchito. Mu 2016 zinaululika kuti antchito a banki ya Wells Fargo anatsegula maakaunti mamiliyoni makasitomala osadziwa, ndipo banki inali itachotsa anthu pafupifupi 5,300 chifukwa cha mchitidwewu. Anthu amenewa sanadzuke tsiku limodzi onse n'kusanduka achinyengo. Anaikiridwa chiwerengero cha malonda chimene sichikanatheka kuchikwaniritsa mwachilungamo, ndipo amene sankachikwaniritsa ankaopa kuchotsedwa. Mukafunsa kuti, "Munthu amene ali pa udindo uwu amaonedwa kuti wachita bwino akakwaniritsa zotani pa miyezi 6 yoyamba, ndipo ndi angati amene anakwaniritsadi?" mumakhala mukufunsa ngati adzakupemphani zinthu zotheka. Nkhani imeneyi si yaing'ono poyerekeza ndi malipiro. Mu Januwale 2022, Donald Sull, Charles Sull ndi Ben Zweig anafalitsa kafukufuku mu magazini ya MIT Sloan Management Review wosonyeza kuti chikhalidwe choipa cha pantchito, chimene mbali zake ndi monga kusalemekeza anthu, tsankho ndi kusatsata chilungamo, chinali ndi mphamvu yoposa malipiro ka 10.4 polosera kuchuluka kwa anthu osiya ntchito pakampani.

Chinthu chachiwiri chimene ndimachifufuza mwakhama ndi mmene nkhani yoipa imayendera kuchokera pansi kupita kumwamba. Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard, pofufuza m'zipatala m'zaka za m'ma 1990, anapeza chinthu chimene poyamba chinamudabwitsa: magulu a anamwino ndi madokotala amene ankagwirizana bwino ndi amene ankaoneka kuti ali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Atafufuza mozama anaona kuti magulu amenewa ankanena zolakwa zawo poyera chifukwa sankaopa, pomwe magulu ena ankabisa. Mu 1999 anafalitsa kafukufuku wake wodziwika wonena za ufulu umene munthu amamva mumtima woti angathe kufunsa, kutsutsa kapena kuvomereza cholakwa pagulu popanda kuchititsidwa manyazi. Google nayo, pa kafukufuku wake wotchedwa Project Aristotle amene anayamba mu 2012, inapeza kuti ufulu umenewu ndi umene unkasiyanitsa kwambiri magulu ochita bwino ndi ena. Kwa munthu amene anachotsedwapo ntchito, nkhaniyi ili ndi tanthauzo lapadera. Pamalo pamene anthu amaopa kunena zoipa, mavuto a kampani amabisika mpaka atakula, ndipo antchito amadzamva za iwo tsiku lomwelo limene akulandira makalata. Pamalo pamene zoona zimanenedwa, munthu amaona mavuto akubwera ndipo amakhala ndi nthawi yokonzekera.

Zimenezi zimaoneka ngakhale m'chipinda cha intaviyu, munthu akakhala tcheru. Pa intaviyu ina panali bwana wamkulu ndi mayi wina wachitsikana amene akanakhala mnzanga pa ntchitoyo. Ndinafunsa mayiyo mwachindunji kuti, "Mayi, n'chiyani chimene chimakuvutani kwambiri pa ntchito yanuyi?" Asanatsegule pakamwa anayang'ana kaye kwa bwanayo, ndipo bwanayo anayankha m'malo mwake kuti gulu lake silikhala ndi mavuto koma mwayi wokhawokha. Mayiyo anamwetulira, n'kuweramira papepala lake, osalankhulanso mpaka ndinatuluka. Kumalo ena ndinafunsa bwana kuti, "Bambo, ndi liti pamene munthu wa pansi panu anakuuzani kuti mwalakwitsa, ndipo zinatha bwanji?" Anakhala chete kanthawi, kenako anafotokoza mmene anakakamirira tsiku lomalizira ntchito inayake ngakhale antchito ake ankamuuza kuti silingatheke, mpaka kasitomala anakhumudwa. Mnyamata amene anakhala pambali pake anaonjezera mfundo ina imene bwanayo anaiwala, mfundo yosamukomera n'komwe, ndipo bwanayo anangovomereza ndi mutu n'kunena kuti zinalidi choncho. Mnyamatayo sanayang'ane kaye nkhope ya bwana wake asanalankhule, ndipo ndinaona kuti si koyamba kumuwongolera pamaso pa mlendo. Pakampani yaikulu chikhalidwe chimasiyana dipatimenti ndi dipatimenti, choncho kuonana ndi munthu amene adzakhale bwana wanu weniweni n'kofunika kuposa kuonana ndi akuluakulu amene simudzagwira nawo ntchito.

Za ndalama za kampani ndinena mwachidule, ngakhale kuti ambiri timachita manyazi kuzifunsa. Muyenera kudziwa kumene malipiro anu adzachokere. Ngati udindowo ukulipiridwa ndi pulojekiti ya opereka thandizo, funsani kuti pulojekitiyo idzatha liti ndipo antchito a pulojekiti yapita anapita kuti. Ngati kampaniyo ndi yatsopano ndipo ikuyendera ndalama za anthu amene anaikamo chuma chawo, funsani kuti ndalamazo zingaifikitse miyezi ingati ngati sipabwera zina. Ngati malonda ake ambiri amadalira kasitomala mmodzi, ntchito yanu ili m'manja mwa kasitomalayo. Makampani amene masheya awo amagulitsidwa pamsika amafalitsa malipoti a chuma chawo chaka ndi chaka, ndipo aliyense angathe kuwawerenga. Funsaninso chifukwa chake mpandowo uli wopanda munthu. Ngati ndi udindo watsopano, ndani anaupempha ndipo ukuthetsa vuto lanji? Ngati panali wina, anakhalapo nthawi yaitali bwanji, ndipo anakwezedwa, anasiya kapena anachotsedwa? Mpando umene wasintha anthu kangapo pa zaka zochepa nthawi zambiri vuto lake silikhala mwa anthu amene anaukhala.

Umboni wodalirika koposa uli ndi amene anachoka. Olemba ntchito amapempha mayina a anthu amene angatichitire umboni, ndipo sindiona chifukwa chimene ife sitingachitire chimodzimodzi. Pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti pamene anthu amalemba mbiri ya ntchito zawo, n'zotheka kuona anthu amene anagwirapo pakampani inayake, maudindo awo ndi kutalika kwa nthawi imene anakhalako. Uthenga waufupi ndi waulemu, wonena kuti mukuganizira zolowa ntchito kumeneko ndipo mungakonde kumva maganizo awo, nthawi zambiri umayankhidwa, makamaka ndi anthu amene nawonso anadutsa m'kuchotsedwa. Funso limene ndapeza kuti limatsegula pakamwa pa anthu ndi lakuti, "Mukanakhala ndi m'bale wanu wofuna ntchito imeneyi, mukanamuuza chiyani?" Ndemanga za pa masamba ngati Glassdoor, pamene antchito amalemba maganizo awo pa makampani amene agwirako, zimathandizanso, koma zimafunika kuziwerenga mosamala, chifukwa amene amalemba kawirikawiri ndi okwiya kwambiri kapena okondwa kwambiri, ndipo ndemanga zoyamikira zambirimbiri zofanana mawu, zolembedwa pa nthawi imodzi, zimakayikitsa. Chimene ndimayang'ana ndi dandaulo limodzi lobwerezedwa ndi anthu osiyanasiyana pa zaka zosiyanasiyana. Munthu mmodzi atha kukhala ndi chakukhosi, koma anthu osadziwana akamanena chinthu chimodzimodzi, pamakhala chinachake.

Nkhani ya maola a ntchito ndimaitenga ngati nkhani ya moyo. Mu 2021, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi ILO anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti mu 2016 anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola ochuluka, ndiponso kuti kugwira maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti poyerekeza ndi kugwira maola 35 mpaka 40. Munthu amene wangochotsedwa ntchito ndi wosavuta kumudyera masuku pamutu pa nkhani imeneyi, chifukwa amafuna kusonyeza kuyamikira ndipo amaopa kukana chilichonse. Choncho ndi bwino kufunsa musanalowe kuti sabata yotanganidwa kwambiri imakhala yotani, imabwera kangati pa chaka, ndipo ngati anthu amapitadi kutchuthi chawo chonse. Onaninso nthawi imene maimelo awo amakufikirani. Ndimakhalanso wochenjera ndikamva mawu akuti "pano ndife banja limodzi". Alipo amene amawanena ndi mtima wabwino, ndipo sindiwaweruza. Koma ndaona mawu amenewa akugwiritsidwa ntchito popempha anthu kugwira popanda malipiro oonjezera ndi powachititsa manyazi akafunsa za ufulu wawo. Ndimakhulupirira kwambiri bwana amene amanena mosabisa kuti uwu ndi mgwirizano wa ntchito, uli ndi malire ake, ndipo adzausunga mwachilungamo.

Kontirakiti iwerengedwe yonse, makamaka ndime zonena za kusiyana: kutalika kwa nthawi yoyesedwa ndi zimene zimachitika ikatha, masiku a chidziwitso mbali zonse ziwiri, ndalama zimene munthu amalandira akachotsedwa popanda kulakwa, za penshoni, ndi ndime iliyonse yoletsa kukagwira ntchito kwa opikisana nawo mukachoka. Lonjezo lililonse limene linanenedwa pakamwa pa intaviyu, kaya la kukwezedwa malipiro pakatha nthawi yoyesedwa kapena la kugwirira ntchito kunyumba masiku ena, lilembedwe, chifukwa amene analonjezayo atha kuchoka inu musanalandire.

Ndikudziwa kuti alipo amene akuwerenga izi alibe mwayi wokana. Ana akudikira, ngongole zikukula, ndipo ntchito imene yapezeka ndi imodzi yokha. Kwa oterowo sindinganene kuti akane, ndipo palibe chochititsa manyazi polandira ntchito pamalo amene mukuona kuti si abwino. Kufufuzaku kumakhalabe ndi phindu, chifukwa munthu amene walowa akudziwa amadziteteza: amasunga makope a zonse zimene anagwirizana, sasiya kufunafuna kwina, sadula ubale ndi anzake akale, ndipo bwana akayamba kumunyoza sakhulupirira kuti iye ndi wopanda pake. Palinso ngozi ya mbali inayo imene ndiyenera kuitchula. Bala la kuchotsedwa litha kumuchititsa munthu kukayikira aliyense, mpaka kuona chiwembu pamene pali kuchedwa wamba kwa imelo kapena kutopa kwa wofunsa mafunso. Olemba ntchito atsopano si amene anakuchotsani, ndipo mafunso ofunsidwa ndi mkwiyo amatseka zitseko zimene zikanatseguka. Chizindikiro chimodzi choipa sichikwanira kuweruzira malo. Chimene chimalemera ndi zizindikiro zingapo zoloza mbali imodzi, makamaka zikagwirizana ndi zimene ananena anthu amene anachoka.

Yeso lomaliza limabwera pamene akuuzani kuti mwapambana. Pemphani kuti zonse azilembe ndipo akupatseni masiku ochepa oti muwerenge ndi kuganiza. Pempho limeneli ndi lachizolowezi, ndipo olemba ntchito amene amalemekeza anthu salidabwa. Amene amakukakamizani kusaina tsiku lomwelo, kapena kukuopsezani kuti pali ena ambiri amene akudikira mpandowo, akugwiritsa ntchito mantha anu musanayambe n'komwe kuwagwirira ntchito. Kumene ndikugwira tsopano anandipatsa masikuwo mosanyinyirika, anayankha mafunso anga okhudza ndime ya chidziwitso polemba, ndipo bwana wanga anandipatsa manambala a foni a anthu a m'gulu lake kuti ndilankhule nawo iye palibe. Mmodzi wa iwo anandiuza zinthu ziwiri zimene sizinkayenda bwino m'dipatimentiyo, ndipo nditayamba ntchito ndinapeza kuti bwanayo ankazidziwa kale, chifukwa munthu yemweyo anali atamuuza pamsonkhano.